Chofunda Sichipanga Moto: Kusunga Migwalangwa Kumayiko Achisanu

Mundilole ndiyambe ndi kupangana nanu za dzina. Ife tili ndi mgwalangwa, mvumo, chiwale ndi kanjedza, ndipo mwana wa ku Mangochi kapena ku Nsanje sangasokoneze umodzi ndi unzake. Koma dzina limodzi lotchulira banja lonse, limene akatswiri a zomera amati lili ndi mitundu pafupifupi 2,600, tilibe. Choncho lero ndikamati migwalangwa mudziwe kuti ndikunena abale onsewo pamodzi, a ku China, a ku Chile, a kuzilumba za Canary ndi ena otero. Nkhani yathu ndi ya anthu okhala kumayiko kumene madzi amauma gwa chifukwa cha kuzizira, ku England, ku Germany, ku Switzerland, ku Texas, amene anaikonda mitengo imeneyi mpaka kuibzala pakhomo. Mwezi wa Novembala ukafika, ife tikuyang'ana kumwamba kudikira mvula yobzalira, iwo amatulutsa zingwe, ziguduli ndi makwerero n'kuyamba kuiveka mitengo yawo. Chimene ndabwera kudzanena pa mwambo umenewu ndi ichi: chofunda chili ndi mphamvu yochepa kwambiri kuposa mmene eni ake amaganizira, nthawi zina ndicho chimapha mtengowo, ndipo mlandu wa moyo kapena imfa ya mgwalangwa umakhala utagamulidwa kale tsiku limene munthu anasankha mtundu wobzala ndi malo okumba dzenje.

Kuti timve bwino, tiuyang'ane kaye mtengowo mmene unapangidwira. Mango kapena mthethe uli ndi maso ophukira ambirimbiri, kunsonga ya nthambi iliyonse ndiponso pansi pa khungwa. Mukaudula mutu umatulutsa mphukira m'mbali, mukaugwetsa chitsa chimaphuka. Mgwalangwa suli choncho. Thunthu lililonse lili ndi diso limodzi lokha, lobisika mkati mwa mutu pamene pamachokera masamba onse, ndipo diso limeneli tingalitche mtima wa mtengo. Anthu ogoma uchema kuchigwa cha Shire amachidziwa chimenechi popanda buku: ukapitiriza kusenga mutu wa mgwalangwa tsiku ndi tsiku kuti madzi atuluke, mpeni ukafika pamtima, thunthu limenelo latha. Ku Chile nakonso mgwalangwa waukulu wotchedwa Jubaea chilensis unachepa kwambiri chifukwa anthu ankaugwetsa kuti apeze madzi ake otsekemera. Tsono yerekezani ndi zimene zinachitika kumwera kwa France mu Febuluwale 1956, pamene chisanu choopsa chinawaula minda ya maolivi ku Provence. Mitengo yambiri inafa kumtunda konse, koma yambiri mwa iyo inaphukanso pachitsa. Ku Britain, mu Disembala 2010, mwezi wa Disembala wozizira koposa m'zaka 100, mitengo ya Cordyline imene anthu a kumeneko amaitcha migwalangwa ngakhale si migwalangwa inagwa n'kuwola m'makomo ambiri, koma patapita miyezi inayamba kutulutsa ana kutsinde. Mgwalangwa weniweni wa thunthu limodzi mwayi wachiwiriwo ulibe. Komanso ulibe mnofu uja wa pansi pa khungwa umene mitengo ina imatsekera mabala, kotero kuti thunthu likavulala ndi chisanu bala limakhalapo mpaka kalekale, ndipo mtengo ungaoneke wachira koma n'kudzathyoka patapita zaka.

Ntchito yonse ya m'nyengo yachisanu, tsono, ndi yoteteza kanthu kamodzi kakang'ono. Masamba akawauka ndi zomvetsa chisoni, koma ena adzabwera. Funso ndi lakuti, n'chiyani kwenikweni chimene chimaupha mtima umenewu?

Yankho loyamba ndi madzi oundana. Kuzizira kukadutsa malire, madzi a pakati pa timaselo ta tsamba amaundana, ndipo ayezi ameneyu amakoka madzi a mkati mwa timaselo mpaka timauma kapena kung'ambika. Mitengo ya kumpoto kwenikweni, monga ya m'nkhalango za ku Finland, inazolowera kukhala ndi ayezi m'thupi mwake osafa. Migwalangwa, ngakhale yolimba, njira yake ndi ina: imachedwetsa kuundanako. Walter Larcher, katswiri wa pa yunivesite ya Innsbruck amene anayesa zimenezi n'kulemba zotsatira zake pamodzi ndi mnzake mu 1981, anaonetsa kuti madzi a m'masamba a migwalangwa ina amatha kukhala osaundana ngakhale kutazizira madigiri angapo pansi pa ziro, koma akangoundana tsamba limawonongeka. Anaonetsanso kuti ziwalo za mtengo umodzi sizipirira mofanana, ndipo mizu ndi yofooka kuposa masamba. Apa pali phunziro limene anthu ambiri ogula migwalangwa m'masitolo a maluwa amaliphonya. Mizu ya mtengo wobzalidwa pansi imafunditsidwa ndi dothi, limene silizizira msanga. Mizu ya mtengo wa mumphika wosiyidwa pakhonde imazizira pamodzi ndi mpweya, mbali zonse. Munthu amatha kukulunga masamba mwaluso, kumanga ndi kumanganso, pamene mtengo ukufera kumapazi.

Yankho lachiwiri ndilo lofunika kwambiri, ndipo ndilo limene thermometer siyilionetsa. Pakati pa mutu wa mgwalangwa pamakhala tsamba latsopano lisanatambasuke, losongoka ngati mkondo. Akatswiri a pa yunivesite ya Florida, makamaka Timothy Broschat amene walemba zambiri pa matenda ndi chakudya cha migwalangwa, amafotokoza kuti tsinde lanthete la mkondo umenewu ndi limodzi mwa malo osapirira chisanu, pamene mtima weniweni, umene uli pansi pake pang'ono, ndi wolimbirapo. Ndiye zimachitika n'zakuti usiku wozizira umapha tsinde la mkondo koma mtima n'kutsala wamoyo. Pakapita masabata, mwini mtengo akakoka mkondowo umazuka m'manja mwake, kunsi kwake kuli phalaphala ndi fungo loipa. Pamene wazukapo pamatsala chibowo choyang'ana kumwamba, ngati chikho. Mvula ikagwa madzi amadikha mmenemo, tizilombo toyambitsa kuwola timaswana, ndipo kuwolako kumatsika pang'onopang'ono mpaka kukafika pamtima. Mtengo umene unapulumuka usiku wa chisanu umadzafa ndi chinyezi mwezi wotsatira. N'chifukwa chake mgwalangwa wa m'chipululu cha California ndi Arizona, Washingtonia filifera, umapirira usiku wozizira kwambiri kwawo kumene mpweya ndi wouma ndipo dzuwa limatuluka m'mawa, koma umavutika ku England pa kuzizira kocheperapo, chifukwa kumeneko kumakhala konyowa ndi kwamdima miyezi yathunthu. Nambala ya madigiri yolembedwa pakapepala ka kusitolo siyinena ngati kuzizirako n'kouma kapena konyowa, siyinenanso ngati n'kwa maola atatu kapena kwa masiku asanu.

Tsopano tifike pa chofunda chenichenicho. Ife tikafunda bulangete timamva kutentha, ndipo timaganiza kuti bulangetelo ndi lotentha. Si choncho. Moto uli m'thupi mwathu, bulangete limangoutsekera kuti usathawe. Mwala mukaufunditsa bulangete m'mawa mudzaupeza wozizira. Mtengo nawo ulibe moto wa m'thupi, choncho chofunda chimene mwaukulunga nacho sichiwonjezera kanthu, chimangochedwetsa kutayika kwa kutentha kochepa kumene kunalipo masana. Kutentha kumene kuli kodalirika kumachokera m'nthaka, ndipo n'chifukwa chake nsalu yofika pansi ngati tenti imathandiza kuposa nsalu yomangidwa kumutu kokha ngati duku. Nsalu yopepuka imene amagulitsa kaamba ka ntchito imeneyi imapereka madigiri awiri kapena atatu basi. Ndipo ngakhale zimenezi zimadalira mtundu wa usiku. Pali usiku wa bata, kumwamba kopanda mtambo, pamene nthaka ndi masamba zimataya kutentha kwake kumlengalenga ndipo mpweya wozizira umatsetserekera kumalo otsika. Alimi a m'madimba a ku Dedza ndi ku Ntcheu amaudziwa usiku wotere m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene tomato wa kudambo amawauka koma wa pamtunda n'kutsala. Pa usiku umenewu chophimba chimagwiradi ntchito. Koma pali kuzizira kwina kobwera ndi mphepo yochokera kumpoto kwenikweni kwa dziko, kumene kumawomba usana ndi usiku kwa masiku angapo. Mphepo yotere imalowa m'chofunda, imachotsa kutentha konse, ndipo pofika tsiku lachiwiri mkati ndi kunja zimakhala zofanana. Tsoka lake n'lakuti kuzizira kumene kumapha migwalangwa yambiri nthawi imodzi ndi kwachiwiriku.

Chofunda chikanakhala chongochepa mphamvu bwenzi tikuti palibe choipa, funditsanibe. Koma chili ndi ngozi yake. Munthu wamantha amakulunga mtengo mu Novembala n'kudzaumasula mu Malichi, ndipo kawirikawiri amaikapo pulasitiki kuti mvula isalowe. Masamba amapuma, amatulutsa nthunzi, nthunziyo imasanduka madontho mkati mwa pulasitiki n'kutsikira kumutu kwa mtengo. Dzuwa likawala masana mkatimo mumatentha ngati m'galimoto yotseka mawindo, usiku madontho aja amaundana. Mwini wake wamanga ndi manja ake malo amdima, onyowa ndi opanda mpweya, amene nkhungu imawakonda. Odziwa ntchitoyi amachita zosiyana. Amasonkhanitsa masamba n'kuwamanga mosathinitsa kuti chipale chofewa chisawathyole ndiponso kuti atchinge mkondo wapakati. Amagwiritsa chiguduli, udzu wouma kapena nsalu yolowa mpweya. Amaphimbira tsinde ndi masamba ouma kapena makungwa okhuthala bwino kuti nthaka isaundane. Ambiri amaika kadenga pamwamba pa mutu, m'mbali n'kusiya potseguka, chifukwa cholinga ndi kuletsa mvula osati kutseka mpweya. Ndipo amatsatira zanyengo: amafunditsa akamva kuti kukubwera chisanu choopsa, chikadutsa amavula. Onani kuti mwa zonsezi chachikulu ndi kuuma, kutentha kukubwera pambuyo.

Mbiri ikugwirizana nane pamenepa. Anthu amene anali ndi chuma chochitira chilichonse sanadalire zofunda. Mfumu Louis XIV itafuna mitengo ya kotentha ku Versailles, mmisiri wake Jules Hardouin-Mansart anamanga, pakati pa 1684 ndi 1686, chinyumba cha makoma okhuthala mamita anayi kapena asanu, choyang'ana kumwera, chosungiramo mitengo. Mpaka lero mitengo yoposa 1,000, ya malalanje, migwalangwa ndi ina, imakhala m'mabokosi, imatulutsidwa panja chapakati pa Meyi ndipo imalowetsedwanso mu Okutobala. Ku Kew, mu London, Decimus Burton ndi Richard Turner anamanga nyumba yagalasi ndi chitsulo ya migwalangwa pakati pa 1844 ndi 1848, yotenthetsedwa ndi moto wa malasha. Onsewa anavomereza chinthu chimodzi: mtengo wa kotentha umafuna nyumba. Chimene chinatulutsa mgwalangwa panja ku Ulaya wa kumpoto sichinali chofunda chabwino koma mtundu wina wa mtengo. Philipp Franz von Siebold anabweretsa mbewu za mgwalangwa wina kuchokera ku Japan mu 1830, ndipo mu 1849 Robert Fortune anatumiza mitengo ya mtundu womwewo ku Britain kuchokera ku China, kumene anauona pachilumba cha Chusan. Ndiwo umene lero umatchedwa Trachycarpus fortunei, wa masamba ngati chikupizo ndi thunthu laubweya, umene anthu a ku China akhala akupota nawo zingwe ndi kuluka zovala zamvula. Ukakula umapirira kuzizira kofika madigiri pafupifupi 15 pansi pa ziro, ndipo sudana ndi chilimwe chozizirira ndi chamvula. Ku Logan Botanic Garden, kumwera chakumadzulo kwa Scotland, mitengo imeneyi yaima m'mizere panja, mothandizidwa ndi madzi ofunda a nyanja ya Atlantic. Palinso Chamaerops humilis wa m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, amene amamera mwachitsamba ngati kanjedza wathu, kotero kuti thunthu limodzi likafa ena amatsala. Kum'mwera chakum'mawa kwa United States kuli Rhapidophyllum hystrix ndi Sabal minor, ifupiifupi koma yolimba kwambiri, ngakhale imafuna chilimwe chotentha kuti ikule. Kusiyana kwa pakati pa Trachycarpus ndi kanjedza wa ku Canary, amene amayamba kuvulala kuzizira kukafika madigiri ochepa chabe pansi pa ziro, n'kwakukulu kuposa chimene chiguduli chilichonse chingapereke.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pambuyo pa mtundu pamabwera malo. M'bwalo limodzi lomwelo muli nyengo zingapo. Khoma la njerwa loyang'ana dzuwa limamwa kutentha masana n'kumakutulutsa usiku, ndipo limatchinga mphepo. Kumayiko a kumpoto khoma limeneli ndi loyang'ana kumwera, pamene wa ku Johannesburg, kumene nakonso kumagwa chisanu mu Juni ndi Julayi, ayenera kufuna loyang'ana kumpoto. Pamalo otsika mpweya wozizira umadikha ngati madzi, choncho pansi pa chitunda si pobzala. Dothi la makande losunga madzi limawoletsa mizu yozizira, ndiye odziwa amaunjika kachulu ka dothi losakaniza ndi miyala ing'onoing'ono n'kubzala pamwamba. Nthawi yobzala nayo ili ndi mawu: mtengo wobzalidwa chisanu chitangotha umakhala ndi miyezi yambiri yozika mizu, pamene wobzalidwa chisanu chili pafupi umalowa pankhondo usanaime. Migwalangwa yambiri yogulitsidwa ku Britain ndi ku Germany imakhala italeredwa ku Spain kapena ku Italy, ndipo imafika isanalawepo chisanu chenicheni. Mtengo wotere, ndiponso uliwonse waung'ono umene mtima wake udakali pafupi ndi nthaka pamene pamazizira kwambiri, ndi umene chofunda chimauyenera. Chofunda ndi cha ubwana wa mtengo, zaka zoyamba ziwiri kapena zitatu, kenako cha usiku wosowa umene umabwera kamodzi pa zaka zambiri.

Ndikudziwa kuti pali wina amene akuti, zonsezi zinali zoona kale magetsi asanabwere. Lero munthu amazunguliza waya wotenthetsa pathunthu, kapena mababu akale a Khirisimasi amene amatulutsa kutentha, n'kumangira mtengo bokosi la matabwa ndi zotchinga kuzizira, n'kuika kachipangizo koyatsa kokha kukazizira. Mwa njira imeneyi anthu a ku Poland, ku Canada ndi kumpoto kwa United States asunga migwalangwa kumalo amene sikanatha kukhala ngakhale sabata imodzi. Sindikukana, zimathekadi, ndipo luso lake n'losiririka. Koma taonani chimene chachitika: munthuyo wavomereza kuti chofunda pachokha sichikwanira, waikamo moto, ndiye kuti wamanga nyumba ya ku Kew yaing'ono imene amaimanga ndi kuiphwasula chaka ndi chaka. Nyumba yotere ili ndi adani awiri. Woyamba ndi kukula kwa mtengo womwewo. Mgwalangwa sungautengulire kuti ukhale waufupi, popeza kudula mutu ndiko kuupha, ndiye chaka chilichonse mtima umakwera m'mwamba, bokosi limatalika, makwerero amatalika, pamene mwini wake akukalamba. Kupambana kwa zaka khumi ndiko kumabweretsa chaka chimene sangathenso kufikira. Mdani wachiwiri ndi kuthima kwa magetsi, ndipo magetsi amakonda kuthima tsiku lomwelo limene akufunika kwambiri. Mu Febuluwale 2021 mphepo yozizira inatsikira ku Texas, ku Dallas kunazizira pafupifupi madigiri 19 pansi pa ziro, ku Houston pafupifupi 11, ndipo nyumba mamiliyoni zinakhala mumdima kwa masiku. Anthu oposa 200 anamwalira, ndipo pambali pa maliro amenewo nkhani ya mitengo ndi yaing'ono. Komabe umboni wake unatsala m'misewu ya Houston, Austin ndi San Antonio: mizere ya Washingtonia robusta, mgwalangwa wamtali wa ku Mexico, itaima ngati mapolo opanda mutu, pamene migwalangwa ya mtundu wa Sabal yambiri inaphukanso.

Wina anganene mosiyana, kuti dziko likutentha, ndiye nkhani yonseyi ikutha yokha. Ali ndi umboni wamphamvu. Ku Ticino, kumwera kwa Switzerland, m'mbali mwa nyanja za Lugano ndi Maggiore, Trachycarpus anabzalidwa m'minda ya maluwa zaka zoposa 100 zapitazo. Kwa nthawi yaitali ankangokhala m'mindamo. Koma masiku a chisanu atachepa m'zaka zomaliza za m'ma 1900, mbewu zomwazidwa ndi mbalame zinayamba kumera m'nkhalango, ndipo Gian-Reto Walther ndi anzake, mu 2007, anaonetsa kuti kufalikira kumeneku kukutsata kufunda kwa nyengo yozizira. Zimenezi n'zoona. Koma kufunda kwa nyengo kumakweza chiwerengero chapakati, pamene mgwalangwa umaphedwa ndi usiku umodzi wapadera. Mapu otchuka a boma la United States osonyeza kumene chomera chilichonse chingapirire, amene anakonzedwanso mu 2023, amatenga usiku wozizira koposa wa chaka chilichonse kwa zaka 30 n'kupeza pakati pake. Ndiye kuti zaka zina zimazizira kuposa nambala ya pamapuyo, ndipo mtengo umene ungakhale zaka 50 udzakumana nazo ndithu. Pachilumba cha Tresco, ku Isles of Scilly, kumene chisanu chimabwera mwa apo ndi apo ndipo munda wake wakhala ukusunga zomera za kotentha kuyambira m'ma 1830, masiku ochepa a Januwale 1987 anawononga gawo lalikulu la zomerazo. Zaka khumi zofunda zimachita chinthu choopsa kwambiri: zimalimbitsa mtima ogulitsa ndi ogula kuti abzale mitundu yanthete kumpoto kwambiri, ndipo chaka choipa chikafika chimapeza zambiri zoti chiphe.

Ticino ikutiphunzitsanso china chimene chikuluma mfundo yanga yomwe, ndipo sindingachibise. Ndanena kuti sankhani mtundu wolimba umene sufuna chofunda. Koma mtengo umene sufuna munthu kuti upulumuke sufunanso munthu kuti uswane. Walira mvula walira matope. M'nkhalango za ku Ticino migwalangwa yobiriwira chaka chonse imachita mthunzi umene umalepheretsa mitengo ya komweko kumera, masamba ake ouma amakoleza moto, ndipo mizu yake yosazama siyigwira nthaka ya m'mapiri otsetsereka monga imachitira mitengo imene ikulowedwa m'malo. Kuyambira pa 1 Seputembala 2024, dziko la Switzerland linaletsa kugulitsa, kupatsana ndi kulowetsa m'dzikomo Trachycarpus fortunei. Amene ali nayo kale sanalamulidwe kuidula, koma amalangizidwa kuchotsa maluwa ake zipatso zisanakhwime. Kodi zimenezi zikugwetsa zimene ndanena? Ndikuona kuti ayi, zikungozikulitsa. Funso la tsiku lobzala lili ndi mbali ziwiri: kodi mtengowu ungakhale pano wopanda ine, ndipo ukakhala udzachita chiyani kuseri kwa mpanda wanga? Ku Hamburg kapena ku Manchester funso lachiwirili lidakali laling'ono lero. Ku Lugano lakula kale kuposa loyamba, ndipo ntchito ya mwini mgwalangwa kumeneko yasamuka kuchoka pa kufunditsa mu Disembala kupita pa kudula maluwa mu Meyi.

Patsala nthawi imene anthu amalakwitsa kwambiri, ndiyo ya pambuyo pa chisanu. Munthu akaona masamba ofiira ngati opsa ndi moto, dzanja limathamangira chikwanje. Asafulumire. Masamba owauka amatchingabe mutu ngati chisanu chingabwerenso, ndipo tsamba lililonse limene lili ndi kobiriwira pang'ono likudyetsabe mtengo umene ulibe nkhokwe ina yopangira masamba atsopano. Feteleza naye adikire mpaka nthaka itafunda, chifukwa mizu yozizira siyidya. Choyenera kuchita msanga ndi kuyesa mkondo wapakati, kuukoka pang'ono. Ukalimba, ausiye. Ukazuka, achotse zowola zonse zimene dzanja lingafikire, aumitse chibowocho, n'kuchiteteza ku mvula koma osachitseka. Ambiri amathiramo mankhwala a kopa opha nkhungu, ngakhale akatswiri sagwirizana ngati amathandizadi. Ena akaona kuti kuwola kukutsika amacheka mutu ndi sowo pang'onopang'ono, chidutswa ndi chidutswa, mpaka atafika pamnofu woyera ndi wolimba, ndipo nthawi zina pakati pa bala limenelo pamatuluka kansonga katsopano m'masiku ochepa. Masamba oyamba otuluka amakhala opindika ndi aafupi, zimenezo zisamudetse nkhawa. Mgwalangwa sukula kukazizira, choncho mtengo wovulala mu Januwale ungakhale chete mpaka Juni kapena Julayi usanaonetse ngati uli moyo. Njira yophweka yodziwira ndi kulemba mzere ndi cholembera podutsa pa mkondo watsopano ndi tsamba loyandikana nalo, n'kubweranso patapita sabata kunja kutafunda. Mzerewo ukapezeka utaduka, mbali ya mkondo itakwera ngakhale pang'ono chabe, ndiye kuti mtima uli moyo ndipo ukukankha.